Buleki ya mota ikukana kumasuka ikatentha, rectifier ndasintha kawiri

Fita_wa_Shifiti: Akuluakulu thandizeni, izi zanditopetsa. Mota ya 7.5 kW, 400 V, ili pa konveya yokwera. Buleki yake ndi ija ya masipuling'i, yomasuka ndi koyilo ya DC ya 180 V. M'mawa imadzuka bwinobwino. Ikagwira maola awiri, kuizimitsa n'kuyatsanso buleki siimasuka, mota imangolira mpaka ovalodi (choteteza mota ikalemedwa) kudula, layining'i ya disiki ya buleki ikununkha kupsa. Rectifier (kachipangizo kosintha magetsi a AC kukhala DC ya koyilo) ndasintha kawiri. Ndiyambire pati?

Mkulu_wa_Magetsi: Achimwene, mpata mwayeza? Zimitsani, lowetsani feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mpata) pakati pa koyilo ndi mbale yomwe koyiloyo imakoka, malo atatu mozungulira. Mabuleki ambiri a msinkhu umenewu amafuna 0.3 mpaka 0.5 mm, koma nambala yeniyeni muone m'buku la wopanga. Layining'i ikamadyeka mpata umakula. Waya wa kopa akatentha, resistance imakwera pafupifupi 0.4% pa digiri iliyonse, choncho koyilo ikakwera ndi madigiri 60 current yatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Maginito ofooka sangakoke mbale ili patali. N'chifukwa chake m'mawa ikuyenda, masana ikukana.

Mzee_Diode: Ndi rectifier imeneyo. Zambiri za masiku ano zimafooka zikatentha. Ikani ina.

Fita_wa_Shifiti: Ndayeza. Mpata 0.9, 0.9 ndi 1.1 mm. Pa koyilo ndikupeza 178 V ngakhale ili yotentha.

Mkulu_wa_Magetsi: Ndiye rectifier ilibe mlandu. Ya half-wave imapereka 0.45 ya zomwe yalandira, 400 V kutulutsa 180 V. Mpatawo wakula, komanso sukufanana, ndiye kuti mbale ikukokedwa mopendekera. Musanamange mabawuti yezani kaye kukhuthala kwa layining'i. Ngati yafika pa malire a wopanga, kuchepetsa mpata n'kungotaya nthawi, sinthani disiki yonse.

Mayi_Injiniya: Chonde musakhudze buleki katundu ali pa lamba. Konveya yokwera ikangomasulidwa imabwerera m'mbuyo ndi katundu yense, dzanja lili pa shafiti. Tsitsani katundu, tsekerani lamba, ikani loko ndi chikwangwani pa isolator (switchi yodulira magetsi a mota). Fumbi la layining'i musaliuzire ndi mpweya wa kompuresa, mabuleki ena akale ali ndi asibesitosi. Likokeni ndi vacuum yoyenera, mutavala chotseka mphuno.

Mzee_Diode: Mita imanama, anzanga. Diode yofooka ya mu rectifier imaonetsa mavoti abwino popanda katundu wa magetsi. Ine ndikuti rectifier.

Mayi_Injiniya: Bambo, ayeza koyilo ili yolumikizidwa, katunduyo ndi ameneyo. Funso labwino n'lakuti ngati rectifier yoyamba ija inapsadi, inapsa chifukwa chiyani. Chotsani mawaya a koyilo muyeze ma ohm. Chulukitsani mavoti ndi mavoti omwewo, gawani ndi mawati a pa chikwangwani: koyilo ya 180 V, 40 W iyenera kukhala pafupi ndi 810 ohm. Mukapeza zotsika kwambiri, mawaya agundana mkati ndipo idzapitiriza kudya ma rectifier. Chinanso, megger (mita yoyezera insulation) imapha diode. Poyeza insulation rectifier ikhale itachotsedwa.

Wa_Mapanelo: Mota ikudya kuchokera ku kontakita kapena ku VSD (chipangizo chosinthira liwiro la mota)? Ngati ndi VSD, buleki isatenge magetsi pa mateminolo a mota. Pa liwiro lochepa mavoti amakhala otsika, buleki siimasuka bwino, imakhula mpaka layining'i kutha. Iyenera kukhala ndi laini yake ndi kontakita yake, yolamulidwa ndi relay ya VSD. Samalaninso pogula: mukaika rectifier ya mtundu wa bridge pa 400 V mutulutsa 360 V, koyilo ya 180 V ipsa.

Fita_wa_Makina: Onaninso mano a hub, chitsulo cha pa shafiti chomwe disiki imatsetserekapo. Akachita dzimbiri kapena kudyeka, disiki siitsetsereka ndipo imakhulabe ngakhale mbale yakokedwa. Layining'i ikakhala ndi oyilo yang'anani siilo ya kumbali ya giyabokosi. Yonyowa ndi oyilo siitsukidwa, imatayidwa, apo ayi buleki sidzagwiranso katundu. Masipuling'i musinthe onse pamodzi, ndipo musachotse ena kuti buleki ifewe, mudzagwetsa katundu. Mukamaliza kuchuna mpata siyani kampata pa chogwirira chomasulira pamanja monga bukulo likunenera. Chikamangika kwambiri buleki siitseka yonse.

Mzee_Diode: Chitani zonsezo, koma mudzabwerera pa rectifier. Gulani ya overexcitation, imapereka mavoti ochuluka kwa kanthawi poyamba, imakoka mbale ngakhale mpata ndi waukulu.

Mkulu_wa_Magetsi: Kukoka ikoka, koma masipuling'i atambasuka kale chifukwa layining'i yatha, mphamvu yogwira yatsika. Pa konveya yokwera zimenezo n'zoopsa.

Wa_Mapanelo: Kodi nonse mumadula mbali ya AC kapena ya DC? Kudula AC kokha buleki imachedwa kugwira, lamba amabwerera pang'ono isanaluma. Amene mumadula DC, pa kontakiti mumaika varistor (yoteteza ku mavoti okwera mwadzidzidzi) ya saizi yanji?