Jezi zafanana, gemu yachedwa mphindi 50, tsopano chindapusa alipire ndani?

Mlembi wa ligi
Akuluakulu thandizeni, komiti ikukhala Lachinayi ndipo mutu wanga waima. Loweruka tinali ndi gemu. Eni bwalo pa fomu yolembetsera ya chaka chino analemba kuti jezi yawo yoyamba ndi yachikasu, yachiwiri yoyera. Pakati pa sizoni wina wawagulira yunifomu yatsopano ya maruni, iwo osatiuza, osalemba kalata, kungoyamba kuvala basi. Alendo abwera ndi yofiira yawo ya masiku onse yomwe ili pa fomu, seti imodzi yokha poti amadziwa kuti akukakumana ndi chikasu. Refa wayang'ana, wakana, akuti sangasiyanitse. Eni bwalo akuti ife tili pakhomo sitisintha, chonsecho yachikasu ija inali m'chikwama pompo. Akangana mphindi 50. Mapeto ake alendo avala mabibu obiriwira opanda manambala pamwamba pa jezi, gemu yaseweredwa, alendo awina 2-1. Lolemba eni bwalo abweretsa dandaulo, akuti alendo anasewera manambala osaoneka ndiye tiwalande mapointi. Alendo nawo alemba yawo, akuti eni bwalo alipire chindapusa chochedwetsa gemu. Lamulo lathu ndi mzere umodzi wokha: mitundu ikafanana timu yoyendera isinthe, yolephera idzalipira chindapusa. Ndalama zake sizinalembedwe. Ndiyambire pati?

Manijala wakale
Apa palibe mlandu wautali a Mlembi. Mlendo ndiye amasintha, lamulo lanu lomwelo likutero. Timu yanzeru siyenda ndi seti imodzi. Ine zaka zonse zomwe ndidayendetsa timu sindidakwerepo galimoto popanda zikwama ziwiri, ngakhale ndikudziwa kuti anzathuwo amavala zotani. Alendo alipire, nkhani ithe.

Komishona
Tisanafike pa chindapusa, pre-match, msonkhano wa matimu ndi refa gemu isanayambe, inachitika? Zinthu izi zimagwidwa pamenepo, aliyense atayala jezi, kabudula, sokosi ndi za goloboyi patebulo, refa akuona. Nanga lipoti la refa likuti chiyani pa mabibuwo? Ndipo eni bwalowo anadandaula mpira usanayambe kapena akumbukira atagonja? Musayankhe kalata ya wina aliyense musanawerenge mapepala amenewa.

Mlembi wa ligi
Pre-match sinachitike a Komishona, alendo anafika mochedwa, galimoto inawavuta panjira. Refa walemba kuti za mabibu anaganiza ndi iyeyo ndipo makaputeni onse awiri anavomera pamaso pake. Eni bwalo sanalembe chilichonse gemu isanayambe, timu shiti, pepala la maina a osewera, anasaina bwinobwino.

Manijala wakale
Mwaonatu. Afika mochedwa, abweranso ndi seti imodzi. Milandu iwiri imeneyo.

Mayi refa
Pepani bambo Manijala, tisiyanitse kaye mabuku awiri chifukwa pamenepa ndi pomwe makomiti ambiri amapunthwa. Buku la IFAB, bungwe lolemba malamulo a mpira pa dziko lonse, Lamulo 4, limangonena kuti matimu awiri avale mitundu yowasiyanitsa iwo eni komanso yowasiyanitsa ndi oyimbira, ndipo goloboyi aliyense asiyane ndi osewera ena onse ndi oyimbira. Silitchula kuti wosintha ndi mlendo kapena mwini bwalo. Silitchula chindapusa. Ngakhale manambala mulibemo pa zovala zokakamiza, muli malaya a manja, kabudula, sokosi, zotchinjiriza miyendo ndi nsapato. Za manambala, za wosintha, za ndalama, zonsezo zimachokera m'malamulo a mpikisano wanu.

Ndiye dandaulo la eni bwalo lija liyang'aneni m'buku lanu la ligi. Ngati mulibe mzere wonena kuti timu yosewera manambala osaoneka imalandidwa mapointi, musayerekeze kuwalanda. Refa mnzanga uja anachita zomwe anayenera kuchita, anapeza njira yoti mpira useweredwe, makaputeni anavomera, walemba mu lipoti. Munthu sangavomere masana, n'kudzakana madzulo ataona kuti zigoli zamuipira.

Koma kunena zoona mabibu opanda manambala ine ndimadana nawo. Ndinaimbirapo gemu yotero. Khadi yachikasu yoyamba ndinachita kumutembenuza mnyamata, kukweza bibu kuti ndione nambala kumsana. Chigawo chachiwiri wachita faulo ina, anyamata anayi andizungulira, onse mabibu ofanana, onse ometa mofanana, aliyense akuloza mnzake. Chinandipulumutsa n'choti m'kabuku ndinali nditalemba kuti "wa nsapato zoyera". Kupanda apo ndikanatulutsa munthu wosalakwa.

Manijala wakale
Mayi, mwanena nokha kuti zili m'malamulo a mpikisano. Ndiye malamulo a mpikisano awowo akuti timu yoyendera isinthe. Sakuti isinthe pokhapokha eni bwalo atavala zomwe adalembetsa. Tiwerenge zomwe zalembedwa, osati zomwe tikufuna.

Komishona
Akulu, nanga fomu yolembetsera mitundu ija timadzazitsa matimu chifukwa chiyani? Lamulo loti mlendo asinthe limaima pa fomu imeneyo. Mlendo amayang'ana pa fomu, n'kuona chikasu, n'kulongedza zofiira. Mwini bwalo akasintha mtundu mwakachetechete ndiye kuti wamutchera mnzake msampha, kaya mwadala kaya ayi. Mukalipitsa alendo okha, sabata yamawa timu ina idzafufuza kuti alendo ali ndi seti imodzi yabuluu, nayo idzavala buluu dala, n'kudikira mapointi aulere. Chenjerani ndi chigamulo chomwe chidzakutsatani sizoni yonse.

Wosunga yunifomu
Izi zimagwera ndi akuluakulu omwe. World Cup ya 1978 ku Argentina, France ndi Hungary onse anatulukira atavala zoyera ku Mar del Plata. Gemu inachedwa, mpaka France inabwereka jezi za mizere yobiriwira ndi yoyera za timu ya komweko yotchedwa Kimberley, n'kuwina 3-1 itavala za eni. Ngati zinachitika pa World Cup, ife ndife ndani.

Ine changa n'choti anthu amangoyang'ana jezi, kuiwala sokosi. Tsiku lina tinayenda, jezi zosiyana bwinobwino, ife zoyera iwo zabuluu, koma sokosi tonse zakuda. Refa anakana, ndipo sindinamutsutse, chifukwa mpira ukatuluka pa mzere wambendera amayang'ana miyendo, sayang'ana pachifuwa. Ndinathamanga kukabwereka sokosi za timu ya achinyamata yomwe inali itangomaliza kusewera, zonyowa ndi thukuta, zina zofika pakati pa msongolo. Anyamata anavala akunyansidwa. Kuchokera tsiku limenelo m'chikwama changa mumakhala sokosi za mitundu itatu ndi jezi za goloboyi zitatu, ndipo Lachitatu lililonse ndimaimbira mnzanga wa timu inayo kumufunsa kuti mukuvala chiyani, anditumizire chithunzi pa WhatsApp. Chithunzinso musachikhulupirire kwambiri, maruni pa foni amaoneka ngati khofi, pa dzuwa ndi wofiira weniweni.

Manijala wakale
Ndi zomwe ndikunenazo. A Wosunga amayenda ndi mitundu itatu. Alendo awowo anayenda ndi umodzi. Kuyambira kale mlendo ndiye amasintha.

Mayi refa
Si kuyambira kale bambo. Ku England ligi itayamba kulembetsa mitundu ya matimu m'ma 1890, wosintha anali mwini bwalo. Anadzalitembenuza lamulolo mu 1921 kuti asinthe ndi mlendo. Ndi pangano la anthu chabe, ndipo ligi iliyonse imalemba lake.

Manijala wakale
1921 mpaka lero ndi zaka zoposa 100. Zikukwanira kuti munthu adziwe kuti poyenda amanyamula seti ziwiri.

Mphunzitsi wa achinyamata
Ine chandikhudza ndi china chomwe palibe wachitchula. Mabibu obiriwira, otsutsana nawo maruni. Kwa munthu wa vuto losasiyanitsa mitundu pamenepo simunakonze kanthu, mwina mwaonjezera. Vuto limeneli limagwira pafupifupi mwamuna mmodzi mwa 12 aliwonse, akazi ndi ochepa, mmodzi mwa 200, ndipo mitundu yomwe imasokonekera kwambiri ndi yofiira ndi yobiriwira yomweyi. Werengani anyamata 22 m'bwalo, kuphatikiza oyimbira, muona kuti mwina mmodzi kapena awiri alimo. Mu Januwale 2021 Liverpool itavala zofiira inasewera ndi Manchester United itavala zobiriwira zoderako, anthu ambiri a vutoli anadandaula kuti pa TV amaona ngati timu imodzi.

Ndinali ndi mnyamata wapakati waluso kwambiri, koma pa masewero okonzekera ankapereka mpira kwa mdani mosadziwika bwino. Ndinkamukalipira kuti akugona. Tsiku lina akusonkhanitsa mabibu ndinamuuza kuti aike ofiira pawokha, obiriwira pawokha. Anaima, wagwira awiri m'manja, akuwayang'anitsitsa, kenako anandifunsa motsitsa mawu kuti kochi, awawa si amodzi? Zinandipweteka mumtima. Kuyambira pamenepo ndimagwiritsa ntchito oyera ndi abuluu. A Mlembi, mukamakonza lamulo lanu lembanimo kuti timu imodzi ivale zowala, inayo zoderako. Maina a mitundu okha sakwanira.

Komishona
Mfundo yabwino a Kochi. Tibwerere pa ndalama, chifukwa ndi pomwe a Mlembi angapse. Chindapusa chomwe sichinalembedwe kuchuluka kwake musachipeke Lachinayi. Mukatchula nambala yochokera m'mutu, wolipitsidwayo akachita apilo adzafunsa kuti mwaitenga pa tsamba liti, ndipo mudzasowa choyankha. Onani ngati buku lanu lili ndi ndime yopatsa komiti mphamvu pa nkhani zosalembedwa, kapena ndime ya kuchedwetsa gemu yomwe ili ndi ndalama zake kale. Ngati zonsezi mulibe, chenjezo lolemba kwa onse awiri ndi lotetezeka kuposa chindapusa chopeka. Chinanso, aliyense wa m'komiti amene ali ndi ubale ndi matimu awiriwa atuluke panja pokambirana, ndipo zilembedwe mu maminitsi kuti anatuluka.

Ngakhale FIFA inabwererapo m'mbuyo pa nkhani ya zovala. Cameroon itavala yunifomu yolumikiza malaya ndi kabudula pa AFCON, mpikisano wa mayiko a mu Africa, ya 2004 ku Tunisia, anailipitsa ma franc a ku Switzerland 200,000 n'kuilanda mapointi 6 a mpikisano wopitira ku World Cup ya 2006. Mapointiwo anadzawabweza. Kulanda mapointi chifukwa cha nsalu n'kovuta kukuteteza.

Wosunga yunifomu
Ya Manchester United ija ya 1996 mukuikumbukira? Ku Southampton atavala zotuwa, pofika popumulira agonja 3-0, kochi wawo Alex Ferguson n'kuwauza avule chifukwa sakuonana bwino m'bwalo. Anabwerera atavala zabuluu ndi zoyera, gemu inatha 3-1, ndipo jezi yotuwayo sanaivalenso. Apo mitundu sinafanane ndi ya mdani, inkangosowa pakati pa anthu oonerera. Refa wina angakuuzeni kuti imeneyo ilibe vuto, osewera eni akuvutika.

Mlembi wa ligi
Zikomo nonse. Ndafufuza m'buku, ndime ya kuchedwetsa gemu ilipo koma ikunena za timu yofika mochedwa pabwalo, osati yokana kusintha. Za manambala zangolembedwa kuti osewera avale manambala ogwirizana ndi timu shiti, chilango palibe. Vuto lina landitulukira tsopano, eni bwalowo akuti maruniyo anaivala kale magemu awiri apitawo ndipo palibe anawaletsa, komishona wathu analipo. Akuti ndiye kuti ligi inavomereza. Ndikaonana ndi a Tcheya mawa.

Komishona
Apo samalani kwambiri. Funsani malipoti a magemu awiriwo. Ngati mnzathuyo analemba za mtundu watsopano ofesi n'kukhala chete, mbali ina ya mlanduwu ndi yanu, ndipo ndi bwino muvomere nokha m'komiti asanakutulutsireni ena. Ngati sanalembe, kukhala chete kwa komishona si chilolezo. Koma musamutchule dzina m'kalata yopita ku matimu, mudzamuika pamoto.

Manijala wakale
Ndiye ngati adavala magemu awiri, alendo adayenera kudziwa. Timu imafufuza mdani wake. Ndikubwerezanso a Mlembi, mukawasiya alendowa osalipira, mawa aliyense adzayenda ndi seti imodzi, adzati mabibu aliko.

Mayi refa
Alendo kulakwa kwawo kulipo bambo, palibe akukana. Koma jezi yachikasu inali m'chikwama pabwalo pomwepo, mphindi 50 anthu akudikira. Amene akanathetsa nkhaniyi m'mphindi zisanu ndi eni bwalo.

A Wosunga, poti mwatchula sokosi, uzani anyamata anu za tepi. Masiku ano akudula sokosi kumapazi n'kuvala zina zoyera zamkati, kenako kukulunga tepi yoyera pa sokosi yakuda mpaka theka la mwendo. Lamulo 4 likuti tepi kapena chilichonse chokuta kunja chikhale cha mtundu wa gawo la sokosi lomwe chakutalo. Chimodzimodzi malaya amkati, afanane ndi mtundu waukulu wa mkono wa jezi. Mwezi watha ndinabweza osewera asanu pa mzere chifukwa cha zimenezi.

Wosunga yunifomu
Tepi yakuda ndi yoyera imapezeka mayi, koma yachikasu kapena ya maruni mukaipeza kuti? Ine ndimangowauza kuti akulunge mkati, sokosi ibwere pamwamba. Ena samva, amakamata ndikatembenuka.

Mphunzitsi wa achinyamata
A Mlembi, komiti ija inakhala? Zinatha bwanji?

Wosunga yunifomu
Mayi refa, funso lina. Magoloboyi onse awiri akabwera ndi jezi yofanana, wina alibe yosintha, mumatani?

Mayi refa
Imeneyo buku linayankha kale, ngati onse alibe ina gemu imaseweredwa. Chovuta ndi goloboyi akafanana ndi ife oyimbira kapena ndi osewera a timu inayo. Pamenepo ine ndimayamba ndasintha yanga, n'chifukwa chake ndimayenda ndi malaya atatu.