Atate asamukira ku Dar es Salaam okha, ndiwathandize bwanji ndili kuno ku Chipata?

Mwana wamkazi, Kapata:

Abale muli bwanji nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe ikundisowetsa tulo. Atate anga ali ndi zaka 61, amayi anatisiya chaka chathachi, manje kampani yomwe amagwirako ya zotulutsa katundu pa boda yawatumiza ku Dar es Salaam kuti azikaona makontena obwera kuno ku Zambia. Mapepala awo onse ali bwino, pemiti ya ntchito kampani inawakonzera, nyumba anawapezera ku Kurasini pafupi ndi doko, chipinda ndi pabalaza chabe. Atha miyezi iwiri tsopano. Vuto ndi loti akukhala okhaokha, ndipo munthu ameneyu chikwatirireni sanagwirepo mthiko, amamwa mankhwala a BP tsiku lililonse ndipo amene amawakumbutsa anali amayi, Chiswahili amangodziwa cha pa Nakonde chogulira madzi basi. Ndikaimba foni yankho ndi limodzi, ndili bwino mwanawe, kukutentha chabe. Koma Lamlungu pa vidiyo ndinawaona khosi lachepa, malaya akuwakhwepa, ndipo kumbuyo kwawo ndinaona katundu akadali m'chikwama momwe tinawalongedzera kuno. Ine ndimaphunzitsa sindingachoke mpaka holide, achimwene ali ku Kitwe nawonso ndi banja lawo. Amene munakhalapo ku Dar kapena muli ndi kholo lomwe likukhala lokha kutali, munachita bwanji? Ndiyambire pati?

Dalaivala wa thanka:

Mlongo pepani ndi za amayi. Ine njira ya Dar ndayenda zaka zambiri ndipo Kurasini ndimakudziwa, ndiye ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso.

Choyamba kutentha musakutenge ngati nkhani yaing'ono. Ife kuno ku Chipata tili pamwamba pakati pa mapiri, ngakhale mu Okutobala usiku kamphepo kamabwera. Kuja ndi m'mphepete mwa nyanja yamchere, mpweya ndi wachinyontho, thukuta silimauma pathupi, kuyambira Disembala mpaka Febuluwale umasamba n'kutuluka m'bafa uli kale thukuta. Munthu sagona bwino ndipo chilakolako cha chakudya chimathawa, ndiye kuonda mukunenako mwina mbali ina ndi kumeneko. Afunseni ngati m'chipinda muli fani, ngati mulibe agule mawa lomwe, ndi neti ya udzudzu. Malungo aliko ngati kwathu koma kulinso dengue, mu 2019 inavuta kwambiri mu Dar, ndipo udzudzu wake umaluma masana. Akamva kutentha thupi asamangogula mankhwala a malungo pa famase, akayezetse. Chipatala chachikulu cha boma chapafupi ndi Temeke. Madzi akumwa aziwiritsa kapena azigula a m'mabotolo akuluakulu aja, ndipo azimwa ambiri.

Chachiwiri chomwe chimasokoneza alendo ndi nthawi. Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi, mukaimba 20 hours kuno iwo ndi 21. Koma chachikulu ndi kawerengedwe ka Chiswahili, iwo tsiku amayambira kuwerenga dzuwa likatuluka, ndiye saa moja asubuhi ndi 7 koloko m'mawa, saa sita mchana ndi 12 koloko. Ine ulendo woyamba anandiuza saa nne ndinaganiza 4 koloko madzulo pomwe amatanthauza 10 m'mawa, ndinataya malo pamzere wolowera kodzaza mafuta. Awuzeni mdala azifunsa kawiri, makamaka za kuchipatala.

Magetsi ndi ogula mayunitsi ngati a ZESCO, kuja amati LUKU, amagulira pa foni. Ndiye akhale ndi layini ya komweko yolembetsa ndi pasipoti yawo.

Mayi wa zitenje, Saturday Market:

Ine ndimakaoda ku Kariakoo, msika waukulu wa mu Dar, ndiyankhepo pa za chakudya chifukwa apa mpamene mtima wanu uli. Musadandaule kwambiri mwana wanga, zakudya zathu zonse ziliko, mayina chabe ndi amene anasintha. Nsima ndi ugali, ufa woyera amati sembe, mgaiwa amati dona. Bonongwe ndi mchicha, chigwada ndi kisamvu, kholowa ndi matembele, kapenta ndi dagaa, nshawa ndi karanga, nyemba maharage. Alembereni pa WhatsApp mayina amenewa aziwerenga ali pamsika. Nsomba za m'nyanja zatsopano zimapezeka pamsika wa Feri ku Kivukoni, m'mawa ndiye zabwino.

Koma ndinene zoona, bambo wazaka 61 amene mkazi wake wamwalira chaka chatha sayamba kuphika chifukwa mwamulembera mayina a ndiwo. Si kuti sangathe, nsima aliyense angaphunzire, koma kuphika n'kukhala pansi kudya wekha moyang'ana khoma ndi chimene chimapweteka. Ndiye pezani mayi mmodzi wa pafupi mwa aja ogulitsa zakudya zophikaphika, kuja amawatcha mama ntilie, agwirizane naye pamwezi kuti aziwasungira mbale masana ndi madzulo. Amuuze za BP, chumvi kidogo mafuta kidogo, ndiye kuti mchere pang'ono mafuta pang'ono, chifukwa anthu a kunyanja amakonda nazi (kokonati) ndi zokazinga, ndipo akangozolowera chipsi mayai (tchipisi chokazinga ndi mazira) ya pamsewu tsiku ndi tsiku BP ija ikwera. Ubwino wina wa mayi wotere ndi woti tsiku lomwe atate sanabwere kudzadya iye ndi amene ayambe kudziwa. Mutenge nambala yake.

Ine ndinyamuka kumapeto kwa mwezi, ngati muli ndi kaphukusi ka mfutso kapena nshawa zosinja ndilembereni ku inibokosi, osati kolemera kaili ndimadutsa maboda.

Mnzathu wa ku Katete:

Ine mundikhululukire ndiyankhula mosiyana ndi anzanga. Munthu wamkulu chonchi, maliro a mkazi wake sanaume n'komwe, bwanji ana inu osakhala pansi ndi akuluakulu a banja n'kuwauza kuti abwerere? Ndalama ndi chiyani? Ife amalume athu anakakamira kukhala okha kutali ndi abale, anagwa m'bafa anapezeka tsiku lachiwiri, anachira koma mpaka lero mwendo umakoka. Kuchoka ku Chipata kukafika ku Dar si pafupi, mukadzera ku Lusaka ndi makilomita opitirira 500 musanayambe n'komwe kulowera kumpoto, sitima ya TAZARA yokha kuchokera ku Kapiri Mposhi ndi makilomita 1,860. Akadwala usiku mufika liti? Kwathu nkhalamba imakhala pakati pa adzukulu.

Mwana wamkazi, Kapata:

Zimene mwanenazi ndinazilingalira kale ndipo ine ndi amene ndinalira kwambiri kuti asapite. Koma anandiuza mawu amodzi amene sindinathe kuwayankha, anati m'nyumba muno paliponse ndikayang'ana ndikuona amako. Ntchito ija anaipempha okha. Ndiye kuwakoka kuti abwere ndikuona ngati ndiwabwezera pomwe amathawa. Kontrakiti ndi ya zaka ziwiri, ndikufuna zaka zimenezi akhale ngati munthu.

Nesi wopuma, Kalongwezi:

Mwana wanga wayankha bwino, asiyeni agwire ntchito, ntchitoyo ndi imene ikuwadzutsa m'mawa. Koma mantha a mnzathu wa ku Katete ndi oona, ndiye tiwagwiritse ntchito. Funso loyamba si chakudya kapena fani, funso ndi ili: atate ako atapanda kutsegula chitseko mawa m'mawa, ndani angagogode? Ngati sungatchule munthu, yambira pamenepo. Pakufunika anthu awiri amene ali ndi nambala yako ndipo iwe uli ndi yawo, mmodzi wa kuntchito wina wa pakhomo, kaya mwini nyumba kaya woyandikana naye. Kiyi wina akhale kwa mmodzi wa iwo. Akadzionetsenso kwa mjumbe wa dera lawo, ali ngati tcheyamani wa m'komboni kuno, kuti adziwike kuti nyumba yakuti mukukhala mlendo wa ku Zambia. Ofesi ya kazembe wathu ilinso mu Dar momwemo, nambala yake ikhale mufoni.

Za mankhwala, ajambule paketi akutumizire, ulembe dzina lenileni la mankhwala ndi mamiligalamu ake osati dzina la kampani, chifukwa kuja paketi ikhoza kuoneka ina mankhwala ali omwewo. Kapepala kameneko kakhale m'chikwama cha ndalama limodzi ndi nambala yako. Agule kamakina koyezera BP ka mabatire aziyeza m'mawa kawiri kapena katatu pamlungu n'kukutumizira manambala. Ndipo ngati mwa mankhwala awo muli aja okodzetsa, ndi thukuta la kuja thupi limatha madzi msanga, akamva chizungulire poimirira akaonane ndi dokotala, asasiye okha mankhwala.

Chinanso usamawafunse kuti muli bwanji, bambo wachingoni kapena wachichewa wa msinkhu umenewo sangauze mwana wake wamkazi kuti ndikuvutika. Funsa kuti mwadya chiyani masana, mwacheza ndi ndani lero, mwagona nthawi yanji. Ndipo uziwafunsa nzeru, za munda, za msonkho wa nyumba, za mwana amene akuvuta kusukulu, adziwe kuti kuno akufunikabe. Katundu ali m'chikwama uja ndi chizindikiro choti mtima sunafike. Ukapita pa holide ukapachike makatani, ukaike chithunzi cha amayi ako pakhoma ngati iwo avomera, ukagule mipando iwiri osati umodzi.

Dalaivala wa thanka:

Ndiwonjezere pa za anthu. Ngati ndi a Katolika zaphweka, kuja miphakati amati jumuiya ndipo ndi yolimba kwambiri, amakumana m'makomo m'mawa ndipo munthu akadwala amayenderana. Ngati ndi a RCZ sakaupeza mpingo wawo koma a Lutheran, Anglican ndi Moravian aliko ambiri. Komanso mdala ngati amakonda mpira ndiye wapeza kale abale, bwalo la Benjamin Mkapa lili ku Temeke komweko, ndipo madzulo amuna amakhala pamabenchi kumwa khofi ndi kashata akukangana za Simba ndi Yanga. Akangonena kuti ndine wa kwawo kwa Clatous Chama amusunthira pokhala, mnyamata uja anasewera matimu onse awiri ndipo amamudziwa aliyense. Nsolo iliko amati bao, malamulo amasiyana pang'ono koma aphunzira. Ana akamati shikamoo iwo aziyankha marahaba, anthu a kuja moni amautenga kwambiri, osangofika n'kufunsa mtengo.

Inu popita dzerani ku Mwami, Lilongwe, Mzuzu, Karonga, muoloke pa Songwe mukakwere basi ku Mbeya, ndi kufupi kusiyana ndi kuzungulira ku Lusaka. Ndi pasipoti ya Zambia viza simufunika mukapita kokacheza. Mupewe Epulo ngati mungathe, mvula yaikulu imene kuja amati masika imadzaza misewu, pa Jangwani madzi amatseka njira.

Mwana wamkazi, Kapata:

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo. Usiku uno ndaimba ndipo ndafunsa monga mwanenera amayi a nesi, mwadya chiyani. Anakhala chete kenako anati tiyi ndi buledi, kuyambira dzulo. Ndinadzigwira kuti ndisalire pafoni. Fani alibe, agula mawa, achimwene atumiza ndalama. Nambala ya mwini nyumba andipatsa, ndi mayi wachikulire amakhala nyumba yakutsogolo, ndapempha mnzanga wa kusukulu amene anakulira ku Nakonde kuti andithandize kuyankhula naye Loweruka za chakudya ndi kiyi. Atate ndi a Katolika, za jumuiya ati afunsa Lamlungu. Amayi a zitenje ndakulemberani ku inibokosi, ndikonza mfutso wa chibwabwa ndi nshawa, ndi kawailesi kawo kaja anakaiwala pawindo, ati ndikatumizenso.