Thandizeni: graphics card yandiika m'madzi, tsopano kusukulu akuti ndinakopera ntchito ya mnzanga

Membala wobisa dzina:
Odi akuluakulu a m'gulu lino. A admin chonde musachotse, ndasowa kolowera. Ndabisa dzina chifukwa alamu anga ali momwemuno.

Ndili chaka chachitatu, ndimaphunzira zojambula mapulani a nyumba pa yunivesite ina ku Lusaka, koma ndimaphunzira ndili kuno ku Chipata, kusukulu timangopitako kukalemba mayeso. Mu February ndinagula graphics card (khadi ya m'kompyuta yoyendetsa zithunzi) kwa munthu wina wa pa intaneti, K2,300, ndalama za nshawa zimene amayi anasunga chaka chatha. Inabwera pa basi, m'katoni yooneka bwino, ndi CD yake yomwe. Alamu anga ndi amene anandipatsa nambala ya munthuyo, lero ndikawafunsa akuti iwo sanadyepo kanthu, chonsecho njinga yanga akuyendera iwo kuyambira pa Khirisimasi ndipo tayala lakumbuyo analiphulitsa osakonza.

Khadiyo ndikamalemba kapena kuonera mpira ilibe vuto. Ndikangoyamba render (kompyuta kupanga chithunzi chomaliza cha nyumbayo) sikirini imada bii, fani n'kumalira ngati chigayo, kenako kompyuta n'kuzima yokha. Nditaika driver (pulogalamu yoyendetsa khadiyo) yatsopano inakaniratu, mpaka ndinabwerera ku ya pa CD. Wogulitsa anandibloka. A ICT a kusukulu ndinawalembera katatu, yankho lawo n'lakuti ndizimitse ndiyatsenso. Alandilodi nawonso akuti ine ndikumaliza mayunitsi a malaiti, pamene mwana wawo amaphika nyemba pa stovu tsiku lonse.

Tsiku lopereka litayandikira ndinakamalizira ntchitoyo kwa mnzanga wa m'kalasi mwathu. Lachiwiri ndalandira kalata yakuti lipoti langa lafanana ndi la munthu wina 81% pa Turnitin, pulogalamu yofananitsa zolemba, ndiponso mapulani athu ndi amodzi. Andiitana ku komiti sabata yamawa. Ine ntchitoyi ndinagwira ndekha, milungu isanu, nthawi zina 02:00 koloko usiku malaiti akangobwera. Amayi sindinawauze, ali ndi BP. Kodi ndikanyamula khadiyi kukawaonetsa adzandimvera? Nanga ingakonzeke?

Katswiri wa ku Kapata:
POWER SUPPLY. Musavutike n'kuwerenga zonsezo. Ndakalamba ndikutsegula makompyuta, sikirini ikada pa render ndimayamba ndi power supply basi, kachipangizo kogawa magetsi m'kompyuta. Ana inu mumagula khadi yaikulu n'kuiika m'kabokosi ka muofesi kokhala ndi 240W. Khadi ngati RX 580 payokha imafuna 185W ndi chingwe cha mapini 8. Ndiye purosesa idye chiyani, mphepo?

Kamtsikana ka 3D:
Akulu, khadiyo ndi iti? Simunatchule dzina. Komanso munthu mwafanana nayeyo ndi mnzanu yemwe munakamalizirako ntchito uja?

Penguin wa ku Katete:
Vuto ndi Windows. Windows 10 anasiya kuithandiza pa 14 October 2025 koma anthu mukuikakamirabe. Ikani Linux Mint kapena Ubuntu m'malo mwa Windows, n'zaulere, Blender, pulogalamu yojambulira 3D, imayenda bwino kwambiri mmenemo.

Katswiri wa ku Kapata:
Iwe Penguin, munthu akujambula mapulani a nyumba. AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani, ya Linux unaiona kuti? KULIBE. Ngakhale munthu atabwera kuno kuti mbuzi yake yasowa, iwe udzati aike Ubuntu.

Penguin wa ku Katete:
FreeCAD ndi LibreCAD zilipo amalume, kungoti simufuna kuphunzira zatsopano. Ndipo iye sananene kuti ndi AutoCAD.

Mbuya wanu wa ku Kasama:
Fufuzani bwino, mwina mnyamatayu anaotcha mbewa ya kompyuta n'kudyera nsima. A kum'mawa mbewa simuisiya ngakhale ili ndi chingwe 😂

Amake Mapasa:
A Kasama bwererani kwa anyani anu, pano pali maliro a sukulu ya mwana. Koma iwe mwana wanga, ndikudzudzule pang'ono. Ukudziwa mmene nshawa zimapwetekera msana? Kupalira, kukumba, kuthothola, kusenda ndi manja mpaka zala kutupa. Ndiye iwe K2,300 kutumiza kwa munthu amene nkhope yake sunaionepo? Wanga wamkulu anachita zomwezi ndi foni, inabwera katoni muli sopo. Amako uwauze wekha asanamve kwa alamu akowo.

Wa ku Petauke:
Ine zinandionekera zonse ziwiri. Ndinagula khadi yakale kwa munthu amene ankakumbira ndalama za crypto usana ndi usiku, mafani atatheratu, miyezi itatu inapsa n'kununkha nyumba yonse. Pepala langa lomaliza nalo linatuluka 43%, ndinadwala m'mimba sabata yathunthu, kupita kukaona n'kupeza kuti zambiri ndi mndandanda wa mabuku ndi mafunso a aphunzitsi amene tonse tinakopera pamwamba. Anachotsa zimenezo nambala inatsika, nkhani inathera pomwepo. Mwina zako n'zomwezo mphwanga.

Katswiri wa ku Kapata:
Mwamva? Inapsa. Chifukwa chiyani? Fumbi ndi magetsi osakwanira. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba malaiti ankapita pafupifupi tsiku lonse, pobwera amabwera ndi mphamvu. Chaka chimenecho ndinasintha ma power supply mpaka kutopa. Koma ndikati gulani surge protector mumati mudala afuna kutidyera.

Mphunzitsi wa ku Lundazi:
Mwana wanga, siya kaye za khadi. Komiti siikuitanira kompyuta, ndipo ukakaika chitsulocho patebulo adzangokuyang'ana. Funso lawo ndi limodzi: ntchito imodzi yapezeka bwanji ndi anthu awiri?

Turnitin siweruza mlandu. Imangofananitsa mawu ako ndi zimene zili pa intaneti, m'mabuku ndi m'mapepala a ophunzira amene anaperekedwa kale. Pepala loyamba kulowa limasungidwa, ndipo lachiwiri ndi limene limatuluka ndi nambala yaikulu, ngakhale wachiwiriyo atakhala mwini wake weniweni. Choncho 81% sikunena kuti wakuba ndi iwe. Koma usadzinamize ndi nkhani ya a ku Petauke, mndandanda wa mabuku sungafikitse 81% ndi munthu mmodzi, mapulani n'kufanananso.

Dziwanso kuti m'masukulu ambiri kupatsa mnzako ntchito imene aliyense amayenera kuchita yekha ndi mlandu pawokha, amautcha collusion, ndipo wopatsa ndi wolandira onse amayankha. Lembera ofesi lero, upemphe lipoti lonse la Turnitin, osati nambala chabe, ndi malamulo olembedwa a sukulu yanu. Uwerenge ngati amalola kulowa ndi woimira ophunzira, ndi masiku angati amene amapereka ochitira apilo. Ndiuze, anayamba kupereka ndani?

Ma Laptop Otchipa:
Ndili ndi ma laptop a gaming abwino, bweretsani yakale muonjezere pang'ono. Inbox.

Admin:
Malonda ndi Loweruka chabe. Chenjezo lomaliza.

Penguin wa ku Katete:
A Mphunzitsi, nanga bwanji Turnitin yomweyo kuyambira 2023 ikumanenanso kuti izi walemba ndi AI? Munthu ulembe wekha Chingerezi chabwino, makina akuti si iwe. Masukulu akudalira makina kuposa ana awo.

Mphunzitsi wa ku Lundazi:
Imeneyo ndi nkhani ina, ya mnyamatayu si ya AI. Tisamusokoneze.

Katswiri wa ku Kapata:
Masiku athu pulani tinkajambula ndi T-square ndi pensulo, dzanja la munthu limadziwika ngati siginecha. Panalibe zokoperana. Lero chilichonse copy, paste. Ndipo ndikubwereza, mnyamata atiuze ma watts a power supply yake.

Kamtsikana ka 3D:
Poti palibe akunena, umboni uli m'kompyuta mwanu momwemo akulu. Musatsegule mafayilo n'kusevanso, mudzasintha masiku ake. Koperani foda yonse pa flash ina kaye. AutoCAD imasiya fayilo ya .bak pambali pa pulani, Blender imasiya ya .blend1, zonsezo ndi ntchito yanu mmene inalili musanaseve komaliza. Pa kope lija lembani DWGPROPS mu AutoCAD, mudzaona tsiku limene fayilo inayambidwa, amene anaseva komaliza ndi maola onse amene yakhala ikugwiridwa. Mu Word pitani pa File kenako Info. Ngati munaseva komaliza pa kompyuta ya mnzanu, dzina lotuluka lingakhale lake, ndiye mafayilo akale a kunyumba ndi ofunika kwambiri. Zojambula za papepala, zithunzi za m'foni, mauthenga a WhatsApp amene munatumizira aliyense, sungani zonse. Ndipo chonde, khadiyo ndi iti?

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse, ndinali kopanda netiweki. Amama a Mapasa ndamva, koma alamu ndi amene ananditsimikizira kuti munthuyo amapemphera nawo. Mapulogalamu ndi AutoCAD ndi Blender. Khadi ndi GTX 1050 Ti ya 4GB, ndaika chithunzi cha kumbuyo kwake. Power supply sindikudziwa, pepala lake linafufutika. Sikirini ndimalumikiza ndi chingwe cha buluu chija chomanga ndi tizomangira tiwiri.

Katswiri wa ku Kapata:
Pepala linafufutika! Ndinanena ine. Ndi yakalekale imeneyo.

Kamtsikana ka 3D:
Dikirani amalume. 1050 Ti imadya 75W chabe, zambiri sizifuna n'komwe chingwe chapadera. Koma taonani chithunzicho. Pali pobayira VGA, chingwe cha buluu chija. 1050 Ti yeniyeni inatuluka mu 2016 ndi HDMI, DisplayPort ndi DVI, yopanda VGA. Akulu, tsitsani kapulogalamu kaulere kotchedwa GPU-Z, mutiuze zimene kalemba pa dzina ndi pa Shaders. Yeniyeni ili ndi 768.

Katswiri wa ku Kapata:
Mwana wamng'ono iwe, ine ndinayamba ntchitoyi usanabadwe. Ma adapter alipo ambirimbiri.

Kamtsikana ka 3D:
Si adapter amalume, yamangidwa pa khadi pomwepo. Kulitsani chithunzi.

Membala wobisa dzina:
Yalemba FAKE kutsogolo kwa dzina. Shaders 192. Kutanthauza chiyani? Thupi langa lazizira.

Kamtsikana ka 3D:
Pepani kwambiri akulu. Nambala imeneyo ndi ya GTS 450, khadi ya mu 2010. Akuba amasintha BIOS yake, kapulogalamu ka mkati mwa khadi, kuti izidzitchula 1050 Ti ya 4GB, pamene memory yeniyeni nthawi zambiri ndi 1GB. Polemba ndi poonera mpira siidzaza, koma render ikapitirira memory imene ilipodi, zonse zimagwa. N'chifukwa chake inangovomera driver ya pa CD yawo. NVIDIA inasiya kutulutsa ma driver atsopano a makhadi a m'badwo umenewo mu 2018, ndipo Blender ya masiku ano siigwiritsanso ntchito pa render. Palibe chokonza. Ichotseni, bayani chingwe pa motherboard ngati purosesa yanu ili ndi graphics yake, render muzichita ndi CPU, purosesayo. Idzachedwa koma idzamaliza.

Katswiri wa ku Kapata:
Ndi zimene ndimanena nthawi zonse, katundu wa pa intaneti osamuona ndi maso AYI. Ndiponso GTS 450 imadya 106W, kuposa 1050 Ti, ndiye nkhani ya power supply ikadalipo. Sindinalakwe.

Penguin wa ku Katete:
Pa Linux lamulo limodzi la lspci likanamuonetsa zambiri tsiku loyamba lomwe.

Wa ku Petauke:
Usafufute meseji ya mobile money, ili ndi dzina la amene analandira ndalama. Pita nayo ku polisi pamodzi ndi katoni ndi chithunzi cha GPU-Z. Kulinso a CCPC oona za madandaulo a ogula, ngati munthuyo ali ndi shopu. Ine sindinatsatire zanga ndipo mpaka lero zimandiwawa. Komanso ngati AutoCAD yako ndi yothyola, Autodesk, kampani yopanga AutoCAD, imapereka yaulere kwa ophunzira chaka chimodzi chimodzi, umangotumiza umboni wakuti uli pasukulu.

Amake Mapasa:
Alamu akowo abweze njinga ndi theka la ndalama. Wopemphera naye wotani wogulitsa chinyengo?

Mphunzitsi wa ku Lundazi:
Chithunzi cha FAKE chija chisindikize, chikuthandiza kufotokoza chimene unapitira kwa mnzako. Koma ndafunsa kale ndipo mtsikanayu anafunsanso, sunayankhe. Wafanana ndi mnzako yemweyo? Anayamba kupereka ndani? Lipoti lako linafika bwanji m'manja mwake?

Membala wobisa dzina:
Ndi yemweyo. Render inkachedwa ndiye flash ndinaisiya kwawo masiku atatu, munali zonse, lipoti ndi mapulani. Iye anapereka Lachinayi, ine Lachisanu usiku chifukwa bundle inandithera. Koma a Mphunzitsi, zimenezi ndikazinene ku komiti? Atate ake ndi amene anakongoza amayi matumba awiri a feteleza chaka chino, sitinabweze.

Mphunzitsi wa ku Lundazi:
Ukanene, ndi masiku ake, monga walembera apamu. Usakamutchule wakuba, ukangofotokoza kumene flash inagona ndi kuonetsa mafayilo ako akale. Usamuimbire foni usiku uno, mulembere meseji yomufunsa mwaulemu kuti zinatheka bwanji, yankho lake ulisunge. Za feteleza akambirane akuluakulu, n'chifukwa chake amako ayenera kumva mawa m'mawa, usanakwere basi ya ku Lusaka.

Katswiri wa ku Kapata:
Bwera nalo bokosilo mawa 08:00, ndikuchotsere khadiyo ndi kupima power supply. Sindikulipiritsa. Ubwere ndi chingwe chake cha magetsi.