Umuna kuyenda mofooka, ndi zaka kapena zakudya?

Wodandaula44: Abale thandizeni, ndili ndi zaka 44, zaka 3 tikufuna mwana ndi madam koma zii. Atandiyeza akuti umuna wanga sukusambira bwino, mavitamini angathandize kapena ndakalamba basi?

MkuluWaPaDimba: Achimwene musataye mtima. Liwiro limatsikadi mukapitirira 40 koma pang'onopang'ono. Vitamini C, E ndi zinc zimateteza mbewu kuti isaonongeke, ndiye malambe, magwafa, mtedza, nthanga za maungu zisamasowe pakhomo.

NamwinoWanu: Zoona, koma fodya ndi mowa musiye kaye, ndipo dikirani miyezi 3 musanakayezetsenso poti umuna watsopano umatenga masiku pafupifupi 74 kuti ukhwime. Mapilisi okha sachiza aliyense bambo, mayi nawonso akayezedwe.

Wodandaula44: Zikomo, fodyayo nde ndikusiya lero.