Kodi chimangirizo cha Chingerezi tizichonga bwanji kuti malikisi asamasiyane chonchi?

Mphunzitsi wa ku Chibavi analemba kuti:

Aphunzitsi anzanga ndi ena nonse amene mumawerenga pano, ndabwera ndi nkhani imene yatizunguza m'dipatimenti yathu ya ziyankhulo chimalizireni kuchonga mayeso oyeserera a Fomu 4. Ndimaphunzitsa Chingerezi pasukulu ina yoyendera muno mu Mzuzu, ndipo ulendo uno tinagwirizana ndi mnzanga amene ali ndi kalasi inayo kuti tisinthane mapepala angapo a chimangirizo, aliyense achonge payekha osaona malikisi a mnzake. Pamapepala ambiri tinasiyana pang'ono chabe, koma papepala lina ine ndinapereka 24 pa 40 pamene iye anapereka 13.

Funso linali lakuti wophunzira alembe lipoti kwa khansala wa dera lake, kufotokoza za kusefukira kwa madzi m'nyengo ya mvula ndi zimene zingachitike kuti vutolo lichepe. Mwanayo analemba zimene amaziona ndi maso ake: ngalande zotsekeka ndi zinyalala, nyumba zomangidwa m'dambo, ana olephera kuwoloka popita kusukulu. Mfundo zake zinali zolondolozana bwino, ndipo mutu wa lipoti, tsiku, wolandira ndi wolemba, zonse zinali m'malo mwake. Vuto linali chiyankhulo, chifukwa pafupifupi chiganizo chilichonse chinali ndi chilema, makamaka kusakaniza nthawi za aneni ndi kuphonya masipelo a mawu wamba. Mnzanga akuti awa ndi mayeso a Chingerezi, osati a Jogalafe, choncho mfundo zabwino sizingawombole munthu amene Chingerezi chake n'chothyokathyoka. Ine ndikuti mwanayo wayankha funso ndipo khansala atalandira lipoti limeneli angamve zonse.

Kodi inu mumagawa bwanji malikisi pakati pa mfundo ndi chiyankhulo? Nanga cholakwika chimodzi chikabwerezedwa kakhumi, mumachiwerenga kamodzi kapena kakhumi?

Mphunzitsi wopuma wa ku Luwinga anayankha kuti:

Aphunzitsi a ku Chibavi, mwachita bwino kusinthana mapepala, pakuti ambiri a ife tinkangochonga aliyense m'nyumba mwake n'kumakhulupirira kuti cholembera chathu chofiira sichinama. Kusiyana kwa malikisi 11 papepala limodzi sikusonyeza kuti wina mwa inu sadziwa ntchito. Kukusonyeza kuti munayamba kuchonga musanagwirizane chimene mukuyesa.

Pamene ndinkatsogolera dipatimenti, lamulo langa linali lakuti malikisi agawidwe pepala loyamba lisanatsegulidwe. Tinkawagawa patatu: gawo la mfundo, ndiye kuti ngati wophunzira wayankha zimene wafunsidwa ndi kuzitambasula mokwanira, gawo la kasanjidwe, ndiye kuti maonekedwe oyenera a kalata, lipoti, zoyankhula pamsonkhano kapena nkhani yopeka, pamodzi ndi kayalidwe ka ndime, ndi gawo la chiyankhulo. Gawo lachitatuli tinkalipatsa malikisi ochuluka kuposa lililonse mwa enawo, ndipo pamenepa mnzanuyo akunena zoona, chifukwa phunziro lake ndi Chingerezi. Koma ubwino wogawa chonchi ndi wakuti chiyankhulo chikalephera, chimadya malikisi a m'gawo lake okha, sichilowerera kukadya a mfundo ndi a kasanjidwe amene mwana wawagwirira ntchito. Ndikuganiza kuti mukanatsata njira imeneyi, nonse awiri mukanakumana chapakati, mwina cha m'ma 18 kapena 19.

Zolakwika nazonso si zofanana. Pali cholakwika chimene chimaphimba tanthauzo, moti wowerenga amaima n'kubwerera kuti amve chimene chikunenedwa, ndipo pali china chimene chimangokhumudwitsa diso koma uthenga n'kudutsa. Chiganizo chopanda mneni, kapena ndime yonse yopanda mpumiro ngakhale umodzi, n'cholemera kuposa kuiwala lembo limodzi m'mawu aatali. Za kubwereza, maganizo anga ndi awa: ngati mwana walakwitsa sipelo ya mawu amodzi omwewo kakhumi, chimene sadziwa ndi chinthu chimodzi, choncho chilangidwe kamodzi. Koma ngati akusakaniza nthawi za aneni kuyambira ndime yoyamba mpaka yomaliza, pa aneni osiyanasiyana, imeneyo si ngozi ayi, ndi umboni wakuti lamulolo sanaligwire, ndipo gawo la chiyankhulo liyenera kutsika ndithu.

Chimene chinkatithandiza kwambiri, kuposa ngakhale kagawidwe ka malikisi, ndi ichi. Tisanayambe kuchonga tinkasankha mapepala asanu kapena asanu ndi limodzi, lina labwino kwambiri, ena apakati, lina lofooka, n'kuwachita fotokope mayina ataphimbidwa. Aliyense ankachonga payekha, kenako tinkakhala pansi n'kuyerekeza. Mkangano unkakhala waukulu, nthawi zina mpaka tiyi kuzizira patebulo, koma tikagwirizana kuti pepala ili ndi la 28 ndipo ili ndi la 15, mapepala amenewo ankakhala muyeso wathu. Wina akakayika pakati pa ntchito, ankatenga pepala la muyeso n'kudzifunsa ngati limene ali nalo m'manja likuposa kapena likuchepera. Sukulu za m'kalasita imodzi, ndiye kuti gulu la sukulu zoyandikana, zikhoza kuchita zomwezi tsiku limodzi Loweruka, ndipo mtengo wake ndi wa fotokope basi.

Musaiwalenso kuti wochonga ndi munthu. Zolemba zooneka bwino zimakopa malikisi ngakhale mfundo zili zochepa, dzina la mwana amene amayankha bwino m'kalasi limafewetsa dzanja, ndipo pepala lapakati likabwera pambuyo pa mapepala atatu ofooka limaoneka ngati la katswiri. N'chifukwa chake ndinkauza anzanga kuti akamaliza mulu wonse abwerere ku mapepala khumi oyambirira, aone ngati angawapatsebe malikisi omwewo.

Mayi wa ku Zolozolo anayankha kuti:

Ine si mphunzitsi, ndine kholo, ndipo mundikhululukire polowerera nkhani ya eni ake. Ndawerenga kusiyana kwa 24 ndi 13 kuja mtima wanga n'kugunda, chifukwa ife makolo timadziwa kulemera kwa phunziro limeneli. Mwana akalephera Chingerezi pa MSCE salandira satifiketi ngakhale atakhoza bwino Masamu ndi Bayoloje, ndipo kuti aganiziridwe ku yunivesite za boma pamafunika makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Ndiye ngati malikisi akudalira kuti pepala lagwera m'manja mwa yani, ife tidziwa bwanji pamene mwana waima?

Pempho langa kwa inu aphunzitsi ndi lakuti muzilemba mawu pang'ono pansi pa chimangirizo. Kope la mwana wanga wamkazi limabwera lili psuu ndi mizere yofiira, pamapeto pali nambala ndi mawu awiri omuuza kuti alimbikire. Ndikamufunsa kuti walakwitsa chiyani, amati sakudziwa, ndipo chimangirizo chotsatira amalakwitsa zomwezo. Alimbikire pati? Mutamuuza kuti vuto lake lalikulu ndi ili, ngakhale limodzi lokha, ine ndikhoza kumukhazika pansi madzulo kuti alikonze.

Mphunzitsi wa ku Mchengautuwa anayankha kuti:

Bambo a ku Luwinga, ndikulemekeza zaka zimene mwagwira ntchitoyi, ndipo za mapepala a muyeso ndazitenga kuti ndikazipereke kwa akulu a dipatimenti yathu. Komabe pa nkhani ya lipoti lija ine ndili pafupi ndi mphunzitsi amene anapereka 13, ndipo ndifotokoze chifukwa chake.

Mayeso oyeserera ntchito yake ndi kuuza wophunzira zoona nthawi ikadalipo. Amene adzachonge pepala lake la MANEB sadzamudziwa, sadzadziwa kuti amachokera kudera kumene madzi amasefukiradi, ndipo sadzamva chisoni chimene mphunzitsi wake amamva. Tikamupatsa 24 lero chifukwa chakuti mfundo zake zatikhudza, apita kwawo akuganiza kuti kirediti ili m'thumba, pamene mwina ali m'malire a giredi 8 ndi 9, ndiye kuti pakati pa kungokhoza ndi kulephera. Kuli bwino akhumudwe panopa n'kukonza, kusiyana n'kudzakhumudwa zotsatira zitatuluka. Ndiponso kunena kuti khansala angamve uthengawo sikundikhutiritsa, chifukwa khansala wa kuno amamva Chingerezi chothyoka pochimasulira m'mutu mwake kubwerera ku Chichewa kapena Chitumbuka. Muyeso woyenera ndi wakuti kodi munthu amene sadziwa ziyankhulo zathu angamve popanda kuvutika.

Ndikudziwa kuti ana athu ambiri muno mu Mzuzu Chingerezi ndi chiyankhulo chawo chachitatu. Kunyumba amayankhula Chitumbuka, Chitonga kapena Chinkhonde, kumsika ndi pabwalo la mpira Chichewa, Chingerezi n'kumakumana nacho m'kalasi mokha. Zolakwika zawo zambiri n'zodziwikiratu. Amasinthanitsa "he" ndi "she" chifukwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka mlowam'malo sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, amasiya "a" ndi "the" chifukwa kwathu kulibe timawu totere, ndipo amasokoneza l ndi r polemba monga momwe amachitira poyankhula. Koma popeza zolakwikazi n'zodziwikiratu, malo ake ozithetsera ndi Fomu 1 ndi Fomu 2. Kuzikhululukira pa Fomu 4 ndi kungosamutsira vutolo kwa wochonga wina amene sadzakhululuka.

Mphunzitsi wopuma wa ku Luwinga anayankhanso kuti:

Achimwene a ku Mchengautuwa, pa mfundo yakuti mayeso oyeserera asanamize mwana tikugwirizana kwathunthu, ndipo n'chifukwa chake sindinavomereze 24. Koma 13 nayenso akhoza kunama, ndipo bodza lake ndi loopsa m'njira ina. Taganizirani mapepala awiri. Loyamba ndi la mwana uja wa lipoti, amene wayesa kufotokoza zinthu zovuta ndi ziganizo zazitali n'kupunthwa m'njira. Lachiwiri ndi la mwana wochenjera amene walemba tiziganizo ta mawu asanu asanu, topanda cholakwika chilichonse komanso topanda kanthu, mfundo imodzi akuibwereza m'ndime zitatu kuti akwanitse mawu 350 amene ndi malire a m'munsi. Wochonga amene amangowerenga mizere yofiira apatsa wachiwiriyu malikisi ambiri, ndipo kalasi yonse iphunzirapo kuti njira yokhozera ndi kusayesa chilichonse chovuta. Choncho m'gawo la chiyankhulo momwemo tiziyang'ana zinthu ziwiri, kulondola kwa ziganizo ndiponso kukula kwa chiyankhulo chimene mwana wagwiritsa ntchito.

Palinso mtundu wachitatu umene simunautchule nonse, wa zimangirizo zoloweza. Mumazizindikira msanga: ndime yoyamba ili ndi Chingerezi chosalala ndi miyambi yosanjikizana, mwina yofanana mawu ndi mawu ndi ya ana ena anayi a m'kalasi yomweyo, kenako pofika pamene funso likufuna yankho lake lenileni chiyankhulo chimagwa mwadzidzidzi ngati walemba ndi munthu wina. Ena amafika pokopera nkhani yonse imene anaikonzeratu, n'kungosintha mutu. Mukamachonga poyang'ana galamala yokha, pepala lotere limapambana onse. Gawo la mfundo ndi limene limakupatsani mphamvu yolitsitsa, chifukwa silinayankhe zimene linafunsidwa.

Mayi a ku Zolozolo, dandaulo lanu ndi lomveka, ngakhale ndiyenera kuwaikira kumbuyo pang'ono anzangawa. Mphunzitsi amene ali ndi makalasi atatu odzaza, aliyense mwa ana atalemba mawu 400, ali ndi mulu umene sangaulembere ndemanga yaitali pakope lililonse n'kukonzekeranso phunziro la mawa. Chimene chimatheka ndi kugwirizana ndi kalasi pa zizindikiro zochepa zolembedwa m'mphepete mwa tsamba, china cha nthawi ya mneni, china cha sipelo, china cha mpumiro ndi mpatuliro, china cha chiganizo chosamveka, ana n'kuzikopera patsamba loyamba la kope. Mphunzitsi amangoika chizindikiro, mwana yekha n'kupeza cholakwikacho ndi kuchikonza, ndipo pansi pake mphunzitsi amalemba malikisi atatu aja padera m'malo mwa nambala imodzi. Mukadzaona kuti mwana wanu wapeza bwino pa mfundo koma watsika pa chiyankhulo, ndipo chizindikiro cha nthawi ya mneni ndi chimene chadzaza m'mphepete, mudzadziwa pomukhazikira pansi madzulo. Mukapita kumsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi teremu ino, kapempheni zimenezi kwa mphunzitsi wake wa Chingerezi, ndipo mutenge kopelo kuti akakuonetseni pa chimangirizo chimene wachonga kale.