Katundu wa malemu amayi wapeza malo

Abale anga, mwezi watha ndinafunsa kuti ndiika pati katundu wa malemu amayi amene akubanja anandigawira, poti nyumba yanga ya lendi ku Ndirande ndi yaing'ono. Zikomo nonse amene munandilangiza kuti ndiyambe kuchepetsa katundu wanga, osati wawo.

Ndinaterodi. Mapoto obooka ndi wailesi yakufa ndinagulitsa kwa ogula zitsulo, zovala zondithina ndinakapereka kutchalitchi. Makina awo osokera a Singer tsopano ali pafupi ndi windo. Ndawathira mafuta, akusoka bwinobwino ngati kale. Zitenje zawo ndachapa, ndasunga m'sutikesi ndi mankhwala a njenjete. Mtondo ndi munsi ndapatsa achemwali kumudzi, poti ndiwo amasinja.

Chatsala ndi kabati yagalasi ija, pakhomo ikukana kulowa. Kodi kalipentala angaimasule osaiwononga?