Sitima ya ku Durban ndi mwana wa zaka ziwiri: titenge chipinda chiti?

Wofunsa (dzina labisidwa):
Abale anga, ndabisa dzina chifukwa apongozi anga ali pagulu pompano. Ife timakhala ku Joni. Bambo a kunyumba alandira chipereganyu, ndiye akuti mu Disembala tikakwere sitima ya MSC yochoka ku Durban kupita ku Portuguese Island ku Mozambique, kugona m'madzi masiku atatu. Ana tili nawo awiri, wa zaka 8 ndi wa zaka 2 ndi miyezi 4. Vuto ndi kachiwirika. Ndi pusi weniweni. Sabata yatha ndinakapeza katakoka mpando, kakwera pa kabati, dzanja lili m'chitini cha shuga pamwamba pa furiji.

Zipinda zilipo chamkati chopanda zenera, cha zenera, ndi cha khonde. Bambo akakamira cha khonde, ati munthu sungalipire ndalama zonsezo n'kukagona m'bokosi. Ine ndikaganiza khonde, pansi pali nyanja, tulo timabalalika. Amene munapitako ndi ana, ndiuzeni zoona, musandinyengerere.

Mayi wa ku Tembisa:
Mwana wa zaka ziwiri akakumbukako chiyani? Musiyireni apongozi anuwo, poti mwati ali momuno akumva.

Wofunsa:
Amayi, akuyamwabe usiku. Komanso ndimusiye masiku anayi, ine n'kumadya chiyani chokoma?

Achimwene ogwira ntchito m'sitima:
Achemwali, ndakonza zipinda m'sitima zoterezi kwa zaka zingapo. Inu mukukangana za zenera ndi khonde, koma funso loyamba ndi lakuti chipindacho chili pati. Tengani cha pakati pa sitima, pa nsanjika za m'munsi. Kutsogolo ndi pamwamba ndiye kumene kumagwedezeka kwambiri, ndipo nyanja ya pakati pa Durban ndi Maputo ikakwiya siseka ndi munthu. Kutsogoloko mudzamvanso unyolo wa nangula m'mamawa, chifukwa pachilumbapo sitima imaima patali, anthu n'kumapita kumtunda pa timaboti.

Muonenso pa mapu a sitima kuti pamwamba panu ndi pansi panu pali chiyani. Pakhale zipinda zogona zokhazokha. Mukagona pansi pa malo odyera kapena pa dziwe losambira, kusanache antchito ayamba kukoka mipando pamutu panu. Pafupi ndi disiko ndiye musayerekeze.

Za khonde, mpanda wake ndi wagalasi, wopitirira mita imodzi, mwana ataima pansi sangaudumphe. Choopsa ndi mipando ndi katebulo zimene zimakhala pakhondepo. Wanuyo wokoka mipandoyo ndamumva kale. Mukatengabe cha khonde, pemphani azichotse tsiku loyamba lomwelo, chitseko chizikhala chokhoma. Zenera la chipinda cha zenera silitseguka n'komwe.

Kabedi ka mwana pemphani pobukitsa, osati mutafika. Ndipo khanda amaliwerenga ngati munthu wathunthu chifukwa cha malo m'maboti opulumukira, ndiye chipinda chikhale cha anthu anayi.

Mayi wa ku Pinetown:
Ine ndinatenga chamkati ndi wanga ali ndi zaka ziwiri. Ubwino wake, mukazimitsa magetsi muli bii ngakhale masana, mwana ankagona maola awiri osatembenuka. Kuipa kwake, mwana akagona iwenso wamangidwa. Ndinakhala m'bafa pa chivundikiro cha chimbudzi, foni m'manja, kuopa kuyatsa getsi, uku anzanga akuvina pamwamba. Apo ndiye ndinalilakalaka khonde. Kabedi kaja akakatambasula, njira yopita kubafa imatha, mumachita kudutsa cham'mbali ngati nkhanu.

Bafa lake ndi la shawa yokha, tengani kabeseni kopinda. Matewera tengani ochuluka kuposa mmene mukuganizira. Mwana wovala thewera salowa m'dziwe lalikulu, muwauziretu bambowo.

Bambo wa ku Likoma:
Ife tinakulira pa Ilala, imene yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira 1951. Mwera ukawomba, akuluakulu ndi amene ankayamba kusanza, makanda ali gone kumsana. Potsikira m'boti mwana tinkachita kupatsirana ngati thumba la ufa. Mayi, tengani chitenje cholimba, pa timaboti ta kuchilumbato ngolo ya mwana sidzakuthandizani.

Mayi wina:
Palibe watchula mapepala! Mukutuluka mu South Africa apa, si ulendo wa ku Gold Reef City, malo a zisangalalo a ku Joni konko. Aliyense pasipoti yake, ndi kakhandako komwe, ndipo mapemiti akhale amoyo mpaka tsiku lobwerera. Wopitirira masiku amaletsedwa kulowanso, mukathera ndalama pa khonde n'kukakanidwa padoko. Tenganinso satifiketi ya kubadwa yokhala ndi mayina a makolo onse awiri. Za mankhwala a chizungulire ndi malungo kafunseni kuchipatala, musamupatse mwana theka la piritsi lanu.

Achimwene ogwira ntchito m'sitima:
Ndaiwala chimodzi. M'sitimamo muli malo osewerera ana motengera zaka zawo, ndipo Mini Club imayambira zaka 3. Wamkuluyo akasangalala ku Junior Club, koma wamng'onoyo agwera ku Baby Club, ndipo kumeneko musayembekezere kumusiya tsiku lonse.

Wofunsa:
Zikomo nonse. Ndawawerengera bambo zonsezi dzulo usiku. Anayamba ndi kunena kuti mipando aziyang'anira okha, koma tikulankhula choncho pusi uja anali atakwera kale pa tebulo la TV. Tagwirizana cha zenera, pakati, m'munsi. Tsopano pasipoti ya wamng'onoyu ndiye tilibe, anabadwira konkuno. Alipo amene anapangitsa ya mwana posachedwapa ku ofesi ya Malawi kuno ku Joni, kapena ndi bwino kupita kumudzi?